Ng'oma ilowe kapena itsale panja? Zokambirana za Akhristu a Luterana m'chigawo cha Tete

Mlembi Mbewe (Ulongwe): Moni nonse mwa Ambuye. Pulogalamu ya mapemphero a pamodzi a Tsiku la Reforma, lokumbukira kukonzanso mpingo kumene anayambitsa Martin Luther, pa 31 Okutobala, tatsala pang'ono kuimaliza, koma takakamira pa nkhani imodzi. Achinyamata a kwaya apempha kuti ng'oma ndi visekese zilire m'nyimbo zonse, kuti Baibulo lilowe ndi mavinidwe popita nalo kuguwa, komanso kuti "Ambuye mutichitire chifundo" tiyimbe ndi maimbidwe atsopano amene apeka okha. Akulu ena akana. Komiti yati timve kaye kwa inu tisanakumane Loweruka. Chonde tilembe mwaulemu, ndipo ma audio ataliatali ayi, ma mega avuta.

Bambo Phiri (mkulu wampingo, Domwe): Mmodzi wa okanawo ndine, ndisabisale. Ine mpingo uno ndinaupeza ku Dedza nthawi ya nkhondo, tili othawa kwathu. Chimene chinandikoka sichinali ufa wa chithandizo ayi. Kunali kudekha kwake. Umalowa, umagwada, umavomereza machimo pamodzi ndi anzako, abusa n'kukuuza m'dzina la Khristu kuti wakhululukidwa. Titabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 tinanyamula mabuku a nyimbo m'majumbo, ndipo mwambo umenewo tausunga kuyambira pansi pa mitengo mpaka tamanga matchalitchi a malata. Lero mwana wobadwa dzana akuti n'zachizungu. Pa Habakuku 2:20 akuti Yehova ali m'Kachisi wake wopatulika, dziko lonse likhale chete pamaso pake. Kukhala chete kumeneku mukusiya pati?

Chisomo (wa kwaya, Moatize): Agogo, ndagwada. Palibe wanena kuti tichotse kuvomereza machimo kapena Chikhulupiriro cha Atumwi. Koma mudzabwere kuno ku Moatize mudzaone. Chifukwa cha migodi ya malasha kuli anthu a mitundu yonse, ndipo matchalitchi ali khomo ndi khomo. Ife tikamakoka nyimbo ya m'buku, ambiri alibe bukulo, ena Chichewa amangolankhula koma kuwerenga sangathe poti kusukulu anaphunzira Chipwitikizi chokha. Amangoyasamula. Tikangoyambitsa kolasi mpingo wonse umadzuka, ngakhale agogo amene anali kusinza. Ndiye kupembedza kwenikweni kuli pati pamenepa? Salimo 150 ilinso m'Baibulo lomwelo: lipenga, zeze, lingaka, nsanje, zonse zilimo.

Felisberto (Tete): Achimwene Chisomo, mpingo umadzukadi, koma kolasi ina ndi mzere umodzi kuubwereza mpaka thukuta kamukamu. Ukatuluka wina n'kukufunsa kuti munaimba zotani, yankho ndi lakuti "zinakoma" 😂

Aphunzitsi Zulu (Tsangano): Ndilowererepo pa mbiri, chifukwa mbali zonse ziwiri zikumukoka Luther kuti ndi wawo. Mu 1523 iye analemba dongosolo la Misa m'Chilatini, anangochotsamo zimene zinkasandutsa Misa kukhala nsembe yoperekedwa ndi wansembe. Mu 1526 anatulutsa lina la m'Chijeremani, loti anthu wamba amve ndi kuimba okha, moti ngakhale Chikhulupiriro ankachiimba ngati nyimbo. Koma m'menemo anasunga guwa, makandulo ndi mikanjo. Ndipo m'mawu oyamba anachenjeza kuti wina asalitenge dongosololo ngati lamulo lomangira chikumbumtima cha anthu.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi chifukwa chimene anachedwera kutulutsa Misa ya Chijeremaniyo, anzake akumukakamiza. Mu 1525 analemba kuti sikokwanira kumasulira mawu n'kuwasiya pa maimbidwe a Chilatini. Mawu, maimbidwe ndi kakwezedwe ka liwu ziyenera kumera m'chilankhulo cha eni ake, kupanda kutero kumangokhala kutsanzira monga achitira anyani. Za anyanizo ndi iyeyo, si ine. Tsopano tamverani mmene timaimbira nyimbo zina za m'buku. Liwu timalidula pakati, timapumira pamene Mchewa sangapumire polankhula, chifukwa maimbidwewo anapekedwera Chingerezi kapena Chijeremani. Pa nkhani ya maimbidwe atsopano ana a kwayawa ali pafupi ndi Luther kuposa mmene iwo eni akudziwira.

Bambo Phiri: Aphunzitsi mwayambira pa 1523, ine ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ifenso tinaphunzirako m'kalasi ya akulu ampingo. Luther ali kobisala ku Wartburg, mnzake Karlstadt anapupuluma kusintha mapemphero ku Wittenberg, mzinda umene Luther ankaphunzitsako. Pa Khirisimasi ya 1521 anadyetsa Mgonero atavala zovala wamba, posakhalitsa zithunzi ndi zosema zinayamba kugwetsedwa m'matchalitchi. Luther anabwerako mu Malichi 1522 n'kulalikira masiku 8 otsatizana. Sananene kuti zonse zimene anasinthazo zinali zoipa. Anati mwazichita popanda chikondi, ofooka mwawasiya m'mbuyo. Phunzitsani kaye, Mawu agwire okha ntchito. Kuthamanga sikufika. Inu mukufuna kusintha zinthu zitatu tsiku limodzi, pa mapemphero amene nkhalamba za kumidzi zidzayendere mtunda wautali.

Yohane (Chifunde): M'gulu lino ndimangowerenga, koma lero ndilembeko. Ine ndinakulira kudambwe, ndinali woimba mbalule, ng'oma yotsogolera pa gule wamkulu, ndisanabatizidwe. Za kumeneko sindiulula pano, ndipo sindikunyoza abale anga amene adakali komweko, timadyera mbale imodzi mpaka lero. Koma dziwani kuti ng'oma imalankhula. Wa mbalule samangomenya chimenyemenye. Amatsata mapazi a chilombo, amachiitana, amachiuza potembenukira. Nthawi ina ndinakapemphera ku mpingo wina, osati wathu, mnyamata wa kwaya ali pa ng'oma. Mawu a nyimbo anali a Yesu, koma kalizidwe kake kanali ka kubwalo ndendende. Iye sankadziwa n'komwe, anangokamva pa foni n'kukakonda. Ine miyendo inayamba kundinjenjemera mpaka ndinatuluka panja. Amayi achikulire anangoyang'anana. Wa m'tauni akumva nyimbo yokoma, ife a ku Chifunde ndi ku Macanga tikumva kuti gule watuluka.

Chikopa ndi mtengo zilibe tchimo. Mundifunse ine, nkhani si yakuti ilowe kapena isalowe. Ilira kalizidwe kanji, ndipo woimbayo akudziwa chimene akuliza?

Chisomo: Zikomo bambo Yohane, ndamva. Koma ndiye kalizidwe kovomerezeka n'kati? Chimtali? Mganda? Aliyense akhoza kudzuka n'kunena kuti aka kakundikumbutsa zakutizakuti, mapeto ake titsala ndi manja okha. Komanso Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Tidzachita manyazi ndi zathu mpaka liti?

Yohane: UNESCO sidya nafe Mgonero, mwanawe. Ulemu umene anapereka ndi wa chikhalidwe, ndipo ine sindikuukana. Koma chimtali ndi mganda ndi zosangalalira pamudzi, sizikhudza mizimu ya akufa. Mbalule wa pamaliro ndi pachinamwali ndi nkhani ina. Amene tinakhalamo timasiyanitsa ngakhale tili m'tulo. Si zonse zimene ndikukana, ndikuti muzifunsa odziwa musanalize.

Mayi Nangozo (Tsangano): Ife Angoni mutisiye kaye, povina timadalira mapazi, zishango ndi mawu. Mukatilola tidzagumula simenti ya tchalitchi 😄

Aphunzitsi Zulu: Zimene anena a Yohane zandikumbutsa kanthu. Nyimbo ina ya Khirisimasi imene Luther analembera ana inayamba kuimbidwa pa maimbidwe a nyimbo ya masewera ya anthu wamba, koma mu 1539 inatuluka ndi maimbidwe akeake atsopano. Ine ndimaona ngati ndi nkhani yomweyi: maimbidwe amabwera ndi katundu wake.

Koma tinenenso kuti kuopa ng'oma kuno sikunachokere ku Wittenberg. Ife a Luterana tinafika mochedwa. Tinapeza anzathu a Reformada, amene anayambira ku Mphatso muno mu Angónia kuchokera kwa amishoni a Dutch Reformed a ku Mvera ndi Nkhoma, ndi Akatolika a ku Lifidzi, atalimbana kale ndi nyau kwa zaka zambiri. Mkhristu ankadziwika ndi kusiya ng'oma, ife tinangolowa m'maganizo omwewo. Komanso mbali ya Reformed inali yokayikira zoimbira kuyambira pachiyambi. Ku Zurich kwa Zwingli malimba anawachotsa m'matchalitchi, ku Geneva kwa Calvin ankaimba masalimo pakamwa pokha. Luther sanali choncho. Iye mwini ankaliza choimbira cha zingwe, ndipo ankati pambuyo pa Mawu a Mulungu, nyimbo ndizo zoyenera kutamandidwa koposa. Akatolika nawo, utatha msonkhano wachiwiri wa Vatican mu 1965, anatsegula chitseko. Amene anafikako ku mishoni yawo ya ku Mua, kutsidya kwa mapiri a Dedza, akudziwa zimene ndikunena.

Bambo Phiri: Akatolika achite zawo, Aphunzitsi. Ifenso tikayamba kuyang'ana kwa oyandikana nawo, mawa mudzati tizigwa pansi poti ena akugwa.

NaBanda (Furancungo): Abambo mwakamba za ng'oma ndi za Azungu akale, ine ndifunseko za ulemu womwewo. Kwathu kuno mwana akaitanidwa ndi wamkulu amagwada. Mfumu ikamalankhula anthu amakhala pansi, woimirira ndi wamwano. Ukapatsidwa chinthu umalandira ndi manja awiri. Tsono m'tchalitchi, Uthenga Wabwino ukamawerengedwa, akutiuza kuti tiimirire posonyeza ulemu. Apongozi anga atangolowa mpingo anakanitsitsa, amvekere, ine ndiimirire Yesu akulankhula? Ankakhala pamkeka ataweramitsa mutu mpaka kuwerenga kuthe. Sindikuti tisiye kuimirira, tinazolowera ndipo tikudziwa tanthauzo lake. Koma wina asandiuze kuti apongozi angawo analibe ulemu.

Kuvina ndi Baibulo ine sindikukufuna, ndinene poyera. Osati poti n'kwachikunja, koma atsikana akafola ndi mayunifolomu awo maso onse amapita kwa iwo, anyamata atulutsa mafoni kujambula, Baibulo laiwalika lili m'manja. Ngati tikufunadi chathuchathu, bwanji Baibulo likafika paguwa tonse tigwade, tiombe m'manja mofatsa, manja ofumbata, monga tichitira mfumu ikakhala pampando? Chichewa chenicheni n'chimenecho, ndipo phokoso palibe. Nthungululu tiziliza pa ubatizo wa mwana ndi m'mawa wa Pasaka, pamenepo mtima umafunadi kutero.

Bambo Phiri: NaBanda, apo mwandifika pamtima. Kugwada ndi kuomba m'manja ine ndilibe nako mawu.

Chisomo: Amayi, atsikana a kwaya amavala zitenje zofika kumapazi, musawaganizire zoipa. Davide anavina pamaso pa likasa ndi mphamvu zake zonse, 2 Samueli 6, ndipo amene anamunyoza ali pazenera anali Mikala.

NaBanda: Ndiye Mikala wake ndine, mwana wanga? 😅 Davide sankajambulidwa kuti akaikidwe pa Facebook.

Mlembi Mbewe: Tiyeni tisapatsane maina a m'Baibulo, abale.

Lúcia (Tete): Boa noite nonse. Kuno mumzinda mukamati "chikhalidwe chathu" ine ndimafunsa kuti cha yani. Bambo a kunyumba ndi Anyungwe, ana athu amayankha m'Chipwitikizi, pa benchi lathu pamakhala Asena ndi ena ochokera ku Quelimane. Chimene chimatigwirizanitsa ndi dongosolo lomwelo limene ena mukuti n'lachilendo. Ndinapempherako ku Beira, zina zinandidutsa chifukwa cha chilankhulo, koma ndinkadziwa kuti apa tikuvomereza machimo, apa ndi Pemphero la Ambuye, apa ndipite kugome. Mpingo uliwonse ukapeka zakezake, mlendo adzasochera m'nyumba ya Atate wake. Maimbidwe musinthe, koma mafupa a mapemphero muwasiye.

Aphunzitsi Zulu: Mayi Lúcia, mfundo yanuyo Luther anailembanso mu 1525 kwa Akhristu a ku Livonia, dera la kumpoto kwa Ulaya. Anapempha abusa kuti akhale pansi agwirizane kachitidwe kamodzi m'dera lawo, ngakhale ali ndi ufulu, kuopa kusokoneza anthu wamba.

Felisberto: Poti tayamba kale, nane ndifunse. Vinyo ndi wodula ndipo kumidzi amachita kuitanitsa kutali. Bwanji Mgonero wa thobwa ndi chikondamoyo? Apa sindikuseka, ndikufunsa ndithu.

Mayi Nangozo: Tirigu tili naye kuno ku Tsangano, mkate usakhale chonamizira.

Abusa (Ulongwe): Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndinali kumaliro, ndangomaliza kuwerenga zonse. Ndiyambe ndi a Felisberto: ayi. Mkate ndi vinyo sitinasankhe ife, sanasankhenso Ajeremani. Anatenga Ambuye mwini usiku umene anaperekedwa. Madzi ndi mawu a Ubatizo, mawu a Mgonero, kulalikira Khristu wopachikidwa, izi sizili m'manja mwa komiti iliyonse.

Pa zotsalazo makolo athu ananena kale. Chivomerezo cha ku Augsburg cha 1530, mutu 7, chikuti pa umodzi weniweni wa mpingo n'kokwanira kugwirizana pa Uthenga Wabwino ndi pa masakramenti, miyambo yoikidwa ndi anthu sikofunika kuti ifanane paliponse. Achinyamata mumaukonda mutu umenewu. Muwerengenso mutu 24, pamene akukana bodza lakuti anathetsa Misa, akuti amaisunga ndi kuichita ndi ulemu waukulu. Formula of Concord ya 1577, chivomerezo china cha a Luterana, mutu 10, imapatsa mpingo wa malo alionse mphamvu yosintha miyambo, bola pasakhale chibwana kapena chokhumudwitsa, ndipo ofooka m'chikhulupiriro aganiziridwe. A bungwe la a Luterana la dziko lonse, Lutheran World Federation, anakambanso zotere ku Nairobi mu 1996, kuti mapemphero amavala chikhalidwe cha eni malo koma nthawi zina amayenera kutsutsana nacho. Ndikudziwa kuti si a Luterana onse ali m'bungwe limenelo, komabe apo ananena zoona.

Ine ndimadzifunsa funso limodzi pa chigawo chilichonse cha mapemphero: apa akulankhula ndani? Pali pamene Mulungu akutipatsa. Chikhululukiro, Mawu ake, thupi ndi mwazi wa Ambuye. Pamenepo ife ndife olandira, ndipo Mayi NaBanda atikumbutsa kale mmene Mchewa amalandirira kwa wamkulu. Pali pamene ife tikuyankha, monga polowa, pa "Ulemerero kwa Mulungu kumwamba", pa zopereka ndi potuluka. Pamenepo ng'oma ilire, visekese zilire, amayi alulutire. Ku komiti ndidzapita ndi maganizo amenewo. Kalizidwe kake bambo Yohane akamve kaye. Baibulo lilowe ndi nyimbo, anthu akuyenda mwakachetechete, likafika tigwade ndi kuomba m'manja. Makolasi onse mundilembere mawu ake. Imene ikunena zambiri za adani ako amene adzachite manyazi kuposa za Khristu, imeneyo itsale.

Ndiwonjezere chimene palibe wachitchula. Chondisowetsa mtendere ine kuposa ng'oma ndi sipika. Ng'oma imakoka anthu kuti aimbe. Sipika ikakwezedwa mpingo umasiya kuimba n'kumangoonerera anthu ochepa a maiki, nkhalamba zitatseka makutu, ana akumbuyo akulira. Ndalalikirapo m'matchalitchi amene kuyesa maiki kokha kumadya nthawi yoposa ya kuwerenga Mawu. Luther anavutikira kuti nyimbo ichoke kwa ochepa ibwerere kwa mpingo wonse. Ngati pali chachilendo chimene chalowa popanda wochifunsa mafunso, ndi chimenechi.

Chisomo: Abusa, ndiye kiyibodi imene achinyamata tinasonkhera ija itsale kunyumba?

Abusa: Ibwere. Koma ikhale pansi pa mawu a anthu. Ndikaima kukhomo ndizimva mpingo, osati makina. Ndipo pa Mgonero izimitsidwe, pamodzi ndi jenereta ngati n'kotheka.

Chisomo: Tamva, komabe ndinene kuti achinyamata sasangalala. Pa zitatu zimene tinapempha, chimodzi chakanidwa, china chadulidwa pakati, chachitatu sichinayankhidwe. Anzathu amene anapita kwina adzatiseka kuti tinakuuzani.

Lúcia: Amene anapita kwina sanapite chifukwa cha ng'oma yokha, Chisomo. Ena anatsata malonjezo a ntchito ndi maukwati. Amenewo ngakhale mutaliza ng'oma khumi sabwerera.

Bambo Phiri: Ine ndavomera zina, zina ayi. Ng'oma pa zopereka ndi potuluka, chabwino. Pa "Ulemerero" sindinakhutire, chifukwa timachokera kumene pa kuvomereza machimo, maondo asanapole n'komwe. Ndidzanena Loweruka pamaso pa onse. Za maimbidwe atsopano a "Ambuye mutichitire chifundo", ndiyambe ndamva ndi makutu anga. Ngati munthu angavinire, kumeneko si kupempha chifundo.

Aphunzitsi Zulu: Koma Bambo Phiri, pakati pa kuvomereza ndi "Ulemerero" pali chikhululukiro. Munthu amene wangouzidwa kumene kuti mlandu wake watha akhale ndwii?

Bambo Phiri: Asangalale, Aphunzitsi, koma ayambe wadziwa kukula kwa mlanduwo. Tidzakambirana Loweruka.

Chisomo: Agogo, ndikutumizirani audio kumbali, ndi yaifupi. Tinaipeka motsata maimbidwe a pamaliro, mmodzi amatsogola, onse n'kuvomera motsitsa mawu. Palibe angavine. Amayi ena atamva poyeserera anagwetsa misozi.

NaBanda: Unditumizirenso ine, mwana wanga. Ngati ili choncho amayi a kuno tiiphunzira msanga, mabuku safunikanso.

Yohane: Ndavomera kudzamvera kalizidwe, koma ndili ndi pempho. Ng'omazo zisakhale zobwereka kumudzi. Ya kumudzi lero ili m'tchalitchi, mawa ili kubwalo, anthu amaizindikira ndi maso. Tisemetse zathu, zizigona m'tchalitchi momwemo. Wosema ndikumudziwa, koma pafunika chikopa cha ng'ombe, ndipo kuti chiume ndi kukungidwa bwino nthawi yatsalayi ndi yochepa.

Mayi Nangozo: Chikopa si chosowa mu Angónia muno. Ndikafunsa kwa opha ng'ombe tsiku la msika, koma ndalama yake ichokera kuti?

Felisberto: Kwa a kwaya, iwo ndiwo anapempha 😂

Chisomo: Thumba lathu linathera kiyibodi, achimwene.

Mlembi Mbewe: Ndalemba zonse. Komiti ikumana Loweruka 9 koloko m'mawa ku Ulongwe. A ku Moatize, Furancungo ndi Chifunde amene simutha kufika, munditumizire maganizo anu pofika Lachisanu madzulo. Chisomo, mawu a makolasi apite kwa Abusa mawa. Za chikopa ndi malipiro a wosema ndaziika pa mfundo yachinayi, asungichuma abwere ndi kaundula.